Ndinalakwa Mayeso Chifukwa cha Ulemu

Landirani moni, abale ndi alongo anga mwa Ambuye, makamaka inu amene mwakhala mukuyang'ana pepala la malikisi mpaka maso kuwawa. Dzina langa ndine Edina, wa kumapiri a ku Dambe kuno ku Neno. Kwa zaka zambiri ntchito yanga inali yogonetsa odwala m'chipinda cha opaleshoni ndi kuwalondera mpaka atadzuka. Anthu akandiona panjira amati, "Awo ndi anamwino ogonetsa aja," ndipo ine sindikana ayi, ndimawongolanso khosi. Koma lero ndikufuna kukuuzani za chaka chimene ndinalakwa mayeso olowera maphunziro a ntchito imeneyi. Ndinapeza malikisi atatu pa makumi awiri. Atatu, abale anga! Sindinalakwe chifukwa cha umbuli kapena ulesi. Ndinalakwa chifukwa ndinaleredwa bwino.

Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, kotero amene anandilera ndi malume anga a Jailosi, alongo awo a amayi. Iwo ndiwo anali eni mbumba, anali mkulu wa mpingo, ndipo ntchito yawo inali yocheka matabwa. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo sindikumbuka kuti ndili mwana ndinawaonapo mano akuseka. Mwambo wawo unali umodzi: mkulu akakuitana umagwada, maso pansi, ndipo suyankha zotsutsa. Mkulu akanena kuti mbuzi iyi ndi yoyera, iwe ukuiona ndithu kuti ndi yakuda, umati "inde," n'kukadandaulira kuseri kwa nkhokwe. Ine mwambo umenewu ndinaugwira kuposa ana onse a m'mudzi mwathu. Azimayi akafuna kudzudzula ana awo ankati, "Bwanji osatengera Edina?" ndipo ine ndinkamva kukoma.

Nkhondo yaikulu ya azungu ija itangotha, amayi anga aang'ono anavutika pobereka. Mwana anakanika kutuluka, ndipo amuna anawanyamula pamachira kutsika nawo mapiri onse mpaka ku Lisungwi, kumene anapeza lole yowapititsa kuchipatala cha mishoni. Tinali titayamba kale kulira. Patapita mwezi anabwera akuyenda okha, mwana ali kumsana. Anatiuza kuti munthu wina anawaika kansalu pamphuno, anamva fungo lakuthwa, kenaka anangodzidzimuka mwana akulira pambali pawo. Mudzi wonse unkati kuchipatalako kuli munthu amene amapha anthu n'kuwadzutsanso. Ena anachita mantha, koma ine mtima unangoti, ntchito imeneyo ndiyo yanga.

Masiku amenewo mtsikana wofika Sitandade 6 ankamuloza ndi chala. Ine ndinafika, ndinakhoza, ndipo ananditenga kukaphunzira unamwino pachipatala chomwe chija cha mishoni. Zaka zitatu zitatha, m'zaka zoyambirira za m'ma 1950, a dokotala anakhoma pepala pachitseko. Ankafuna anthu awiri oti aphunzire kugonetsa odwala, maphunziro a zaka zina ziwiri. Malikisi ofunika anawalemba poyera: masamu osachepera 70 pa 100, chifukwa mankhwala amenewa ndi owerenga madontho, za thupi la munthu 70, Chingelezi 60. Pomaliza panali mayeso a pambali pa wodwala, ndipo pamenepo pankafunika 12 pa 20. Ukaperewera pamodzi pokha, basi, zako zada. Mkazi anali asanalembepo mayeso amenewa, koma pepalalo silinanene kuti akazi ayi.

Vuto linali lakuti mtsikana wosakwatiwa sankaloledwa kupitiriza popanda kalata ya mwini mbumba. Malume anali atavomera zaka zitatu zokha, ndipo zaka zitatuzo ankaziona ngati chifundo chachikulu. Ndinawalembera modzichepetsa, amayi nawo anawachonderera, mpaka anayankha ndi mizere iwiri ya pensulo. Anati ndiyese kamodzi. Ndikakhoza ndipitirize, ndikalakwa ndibwere kumudzi andifunire banja, ndizimanga zilonda za anthu a konkuno. Aliyense wowadziwa a Jailosi ankadziwa kuti mawu awo sabwerera m'kamwa.

Mayeso olemba ndinawamwa ngati madzi, ndipo ndilibe chifukwa chobisira. Masamu ndinapeza 88, za thupi 81, Chingelezi 74. Amuna asanu ndi mmodzi amene ndinalemba nawo ndinawasiya kumbuyo onse, ena a ndevu zawo. Mmodzi anafika pofunsa ngati pepala langa linachongedwa bwino. Ine ndinkayenda pakhonde la chipatala nsapato zikulira, mumtima ndikuti malo amodzi ndatenga kale, alimbirane otsalawo.

Tsiku la mayeso a pambali pa wodwala linafika. Anandiitanira m'chipinda cha amuna, pabedi la nkhalamba ina ya imvi mutu wonse. Panali a dokotala, mzungu wolankhula Chinyanja chothyokathyoka, ndi a Wilisoni, bambo wachikulire amene ankagonetsa odwala pachipatalapo, yemwe uja anagonetsa amayi anga aang'ono. A dokotala anandipatsa wotchi n'kundiuza kuti ndiwerenge kugunda kwa mtima pamkono. Ndinawerenga mphindi yathunthu ndipo ndinapeza 52. Ndinabwerezanso kuti nditsimikize, ndinapeza 52 yemweyo. Pamenepo a dokotala anagwira mkono winawo, anayang'ana kudenga pang'ono, n'kunena kuti, "Ine ndapeza 80. Eti, namwino?"

"Inde, bwana," ndinatero, maso ali pansi.

Kenaka anandiuza kuti nditsegule chikope cha nkhalambayo ndione mwanadiso, kadontho kakuda ka pakati pa diso kaja, chifukwa munthu akagona ndi mankhwala kadontho kameneka ndiko kamanena ngati wagona bwino kapena akupitirira. Abale, munthuyo anali wa msinkhu wa agogo anga. Kumuyang'ana m'maso gwa, ine? Ndinatsegula chikopecho nkhope yanga ili kumbali, ndinangoba kuyang'ana kamodzi, ndipo ndinaona kuti kanali kakang'ono. A dokotala anati, "Kakula kwambiri, si choncho?" Ine ndinatinso inde. Iwo anatseka buku lawo n'kutuluka.

Madzulo ake a Wilisoni anandiitana kuseri kwa chipinda chochapira, ali ndi pepala langa m'manja. Anandifunsa kuti ndinapeza zingati pamkono paja, ndipo ndinawauza zoona.

"Nanga bwanji simunanene, anamwino?"

"Ndikanawatsutsa bwanji a dokotala pamaso pa anthu, bambo?"

A Wilisoni anapukusa mutu mwachisoni. Anandiuza kuti a dokotala ananama dala, ndipo mayeso ake anali omwewo. "Pa tebulo paja," anatero, "maso a dokotala amakhala m'mimba mwa munthu. Amene amaona nkhope ndi mpweya ndinu nokha, amene muli kumutu. Mukati inde pamenepo, mawa lake tikumba manda." Anandipatsa pepalalo ndipo ndinaona 3 pa 20. Anandiuzanso kuti malo amodzi atsala, chifukwa pa amuna aja anakhoza mmodzi yekha, ndipo wolakwa amaloledwa kubwerezanso kamodzi pakapita miyezi isanu ndi umodzi, akabweretsa kalata ina ya kwawo. Ndinawathokoza, koma ndinkadziwa kuti kalata imeneyo sidzalembedwa.

Ulendo wobwerera kumudzi sindidzauiwala. Lole inanditsitsa pa Lisungwi, ndipo ndinakwera mapiri onse aja wapansi, kabokosi kali pamutu, misozi ili chuchuchu. Kumudzi nkhani inali itafika kale, kaya inadzera kuti. Kuchitsime azimayi ankati akandiona, "Tapatukani, adokotala atunge!" n'kumaseka chamumtima. Ena anayamba kutchula maina a amuna oti angandiyenere, mmodzi wa iwo wofedwa, wa ana asanu. Ndinkapita kumunda wa kachewere ndi amayi, n'kumalima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Malume sanandifunse kalikonse kwa masabata awiri, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandipweteka kuposa kusekedwa kwa kuchitsime.

Ndiulule pano kuti ndinakwiyira Mulungu, ndipo ndinaleka kupemphera. Tsiku lina Loweruka inali nthawi ya mbumba yathu yozira m'tchalitchi, ndipo anzanga atatsikira kudambo kukatenga dothi lina, ndinatsala ndekha, manja ali matope okhaokha. Pamenepo ndinalankhula, koma silinali pemphero laulemu ayi. Ndinati, "Ambuye, munati tilemekeze akuluakulu. Ndalemekeza. Taonani pamene ulemu wanuwo wandifikitsa. Amwano akudya bwino, ine ndikuzira pansi ndi 88 wanga. Ngati muli ndi yankho liperekeni, chifukwa ine nzeru zandithera." Sindinamve liwu lililonse, ndipo denga silinagwedezeke. Anzanga anabwera ndi dothi ndipo tinamaliza kuzira.

M'mawa mwake titaweruka kutchalitchi, malume anandiitana pansi pa mtengo wa nachesi pakhomo pawo. Ndinagwada chapatali, ndikudziwa kuti nkhani ya banja ija yafika. Koma iwo anati, "Tandiwerengera pepala lakolo." Chingelezi sankachidziwa, choncho ndinkawerenga ndi kumasulira. Malikisi akuluakulu aja sanawagwedeze n'komwe. Pansi penipeni a dokotala anali atalembapo mzere umodzi, ndipo ndinaumasulira momwe unalili: amaona zoona, koma sanena. Malume anandiuza kuti ndifotokoze, ndipo ndinawauza zonse, za 52 ndi 80, za diso la nkhalamba, ndi mawu a a Wilisoni aja. Nditamaliza, anandiuza kuti ndisendere pafupi.

Zimene anandiuza tsiku limenelo anali asanauzepo munthu. Ali mnyamata, atangolowa chikamwini kwa akazi awo oyamba, ankacheka matabwa ndi apongozi awo aamuna. Mukudziwa mmene amachekera: chipika chimagona pa mitanda pamwamba pa dzenje, wina amaima pamwamba, wina m'dzenjemo, n'kumakokerana sowo. Apongozi anali pamwamba, malume anali pansi. Ali m'dzenjemo anaona kuti mtanda umodzi wayamba kung'aluka. Anawauza mwaulemu kuti kapena aone mtandawo, koma apongoziwo anati mtengo umenewo anadula okha ndipo ndi wolimba. Malume anati inde. Anakokanso sowo kangapo akuuona mng'aluwo ukukula, pakamwa pali potseka, chifukwa mkamwini sabwereza mawu kwa apongozi. Mtanda unathyoka. Iwo anapulumuka pobisala m'mbali mwa dzenje, koma apongozi anagwa ndi chipika n'kuthyoka msana, ndipo sanayendenso mpaka imfa yawo.

"Anthu onse ankati ndi ngozi," anatero malume. "Ine ndekha ndimadziwa kuti ndi inde wanga anawapha. Ndiye taona, ndakhala ndikukuphunzitsa chinthu chomwecho." Kenaka anati, "Mawa ulawire kudzenje."

Abale, yankho la pemphero langa lamwano lija linali limeneli. Munthu amene ndinkamuona ngati chitseko chotsekedwa, Mulungu anali atamukonza zaka makumi atatu m'mbuyomo, ine ndisanabadwe n'komwe.

Kudzenjeko ankacheka ndi mnzawo, a Tomasi. Iwo anakwera pamwamba, a Tomasi anatsikira pansi, ndipo ine anandiimika kumapeto kwa chipika cha mlombwa. Pachipikapo anali atamenyapo mzere ndi chingwe choviika m'makala. Ntchito yanga inali imodzi: sowo ikachoka pamzere, ndikuwe kuti aime. Sipanapite nthawi, ndinaona sowo ikupatuka, ndipo ndinadziwa kuti akuchita dala. Ndinayandikira, ndinapinda mawondo, n'kunong'ona kuti, "Malume, kapena mwina pang'ono..." Iwo anangopitiriza ngati kwalira ntchentche. Anacheka mpaka kumapeto, thabwa linatuluka lopindika, lonenepa uku lowonda uku. Analinyamula n'kuliponya pamapazi panga. "Wodwala wako uyo," anatero. "Wafa. Kawauze abale ake kuti unali ndi ulemu."

Tsiku lachiwiri ndinaphanso thabwa lina. A Tomasi anatulutsa mutu m'dzenje, utuchi uli mbuu kumaso, n'kunena kuti, "Mwana iwe, kuwa msanga, mlombwa ukutha uwu, ndipo mapewa angawa si achitsulo!" Tsiku lachitatu mkwiyo unandithandiza. Sowo itangopatuka ndinakuwa kuti, "Imani!" mawu ake mpaka agalu a kutsidya anauwa. Sowo inaima. Ndinkayembekezera mbama. Malume anandiyang'ana ali pamwambapo n'kunena kuti, "Wakuwa bwino, koma wakuwira nyerere. Ine ndili kuno. Bwereza ukundiyang'ana."

Tinachita zimenezi mwezi wathunthu. Akatsika pachipika ankatulutsa wotchi ya mpingo, ija ankayang'anira nthawi ya mapemphero, n'kundipatsa mkono kuti ndiwerenge. Ndikati 96, iwo ankati, "Wanama, 60." Ndikangotsitsa maso, tinkayambiranso. Ndinkayenera kuwayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Iyayi malume, 96." Nthawi zina ankandikalipira zenizeni, n'kumati ndine mwana wamwano wosaleredwa, kuti aone ngati ndigwedezeke. Nthawi zinanso ankanena nambala yoona, kuti ndisazolowere kungotsutsa chilichonse ngati woledzera. Kunena zoona, aphunzitsi onse a kumishoni sanandivutitsepo ngati mmene anandivutitsira munthu ameneyu.

Mudzi unagwedezeka. Amayi analira n'kumati, "Achimwene, mwanayu mukumuwononga, adzamukwatira ndani wokuwa chonchi?" Azimayi a chilangizo anatuma anthu awiri kudzafunsa ngati n'zoona kuti mkulu wa mpingo akuphunzitsa namwali kutsutsa akulu. Malume anawalandira bwino, anawapatsa mpando ndi manachesi, kenaka anawayankha kuti manyazi anapha lambe, ndipo kwawo lambe mmodzi anafa kale, wachiwiri safuna. Azimayiwo sanamvetse, koma sanabwerenso. Sabata yomweyo anatenga pensulo n'kulemba kalata yachiwiri ija, imene ine ndinkati sidzalembedwa. Anandiperekeza okha mpaka pa Lisungwi atanyamula kabokosi kanga, mkulu wa mpingo wathunthu.

Miyezi yotsalayo ndinagwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni, ndipo a Wilisoni ankandionetsa kagwiridwe kake. Mankhwala ake anali etha, madzi a fungo lakuthwa lija. Pankhope ya wodwala tinkaikapo kachipewa ka waya kokutidwa ndi nsalu, n'kumadonthezapo madontho kuchokera m'kabotolo. Akachepa munthu amadzuka mpeni uli m'mimba, akachuluka amagona osadzukanso. Malikisi anga olemba aja anawasunga, kotero chotsala chinali 12 uja basi. Ndinkaganiza kuti adzandipatsanso nkhalamba ndi wotchi, ndipo ndinali nditakonzeka kuwatsutsa mpaka atatopa. Koma a dokotala anati ulendo uno mayeso achitikira pa tebulo penipeni. Ine ndigwira botolo, a Wilisoni aima kumbuyo kwanga, ndipo salankhula pokhapokha aone kuti munthu akufa.

Wodwala wake anali mayi wa ku Midzemba, wa ana anayi, amene anabwera ndi chotupa m'mimba. Anali wowonda, magazi ochepa. Ndisanamuike kachipewa anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Kodi ndidzuka, anamwino?" Ndinamuuza kuti ndikhala pomwepa kumutu kwake. Anagona bwino, ndipo a dokotala anayamba ntchito. Patapita nthawi anati, osadzutsa mutu, "Mimba yalimba. Onjezani." Ndinaonjeza madontho ochepa. Posakhalitsa anatinso, mawu atakwera, "Onjezani, namwino, sindikutha kugwira ntchito!"

Ndinatsegula chikope cha mayiyo n'kuyang'ana bwinobwino. Mwanadiso anali atakula, pafupifupi kudzaza diso lonse. Mpweya unali utachepa, chifuwa chikungogwedezeka pang'ono ngati cha mwanapiye. Mtsempha wa pakhosi unkagunda mofooka pansi pa chala changa, ndipo milomo inayamba kutuwa. Abale anga, musaganize kuti mwezi umodzi wa kudzenje umachotsa zaka makumi awiri. Inde uja anabwera yekha mpaka pansonga ya lilime, ndipo dzanja langa linali litayamba kale kupendeketsa botolo. Ndinangoti mumtima, Ambuye, nditsegulireni pakamwa.

"Iyayi, a dokotala! Imani! Sindionjeza."

Ndinachotsa kachipewa kaja n'kukweza chibwano cha mayiyo kuti mpweya udutse. Namwino wopereka zipangizo anaima, chitsulo chili m'manja, maso ali tong'o, chifukwa chipatala chimenecho chinali chisanamvepo munthu wakuda, wamkazinso, akukuwira dokotala. A dokotala anadzutsa mutu n'kundiyang'ana pamwamba pa kansalu kawo ka pamphuno, ndipo ine ndinawayang'ana momwemo osaphethira. Ndinawauza zimene ndinaona, diso, mpweya ndi mtsempha, mwachidule ndiponso mokweza. Iwo anachotsa manja m'mimba muja, anawakweza m'mwamba, n'kudikira.

Sindikudziwa kuti tinadikira mphindi zingati. Kenaka chifuwa chija chinakoka mpweya umodzi waukulu, chinakokanso wina, ndipo milomo inayamba kubwerera mwakale. Mwanadiso atachepa ndinati, "Tsopano mungapitirize, koma pang'onopang'ono." Inde, ine Edina wa ku Dambe, kuuza dokotala wa chizungu kuti apitirize, iye n'kumvera! Anamaliza ntchito yawo bwinobwino. Dzuwa lisanapendeke mayi uja anadzuka, anasanza, n'kuyamba kufunsa ngati wina wakumbukira kutsekulira mbuzi zake.

Koma tamverani zimene ndinachita atangomutulutsa. Mphamvu zonse zija zinandithera, ndipo ndinazindikira kuti ndakuwira munthu wamkulu pamaso pa antchito ake. Ndinapita pamene a dokotala ankasamba m'manja, ndinagwada pansi pomwepo, ndi chovala choyera cha m'chipinda cha opaleshoni, manja onse awiri pasimenti, n'kuyamba kupepesa. A Wilisoni anangogwira kumutu. A dokotala anandiuza kuti ndidzuke msanga. Anati ulendo uno sunali msampha ayi, iwo ankaonadi mimba yokha ndipo ankafunadi mankhwala ena, ndipo a Wilisoni anavomereza kuti dzanja lawo linali litanyamuka kale kuti alande botolo pamene ine ndinakuwa. Mawa lake pepala linakhomedwa pachitseko: 19 pa 20. Imodziyo anandichotsera chifukwa munthu wa m'chipinda cha opaleshoni sagwira pansi ndi manja.

Nditapita kumudzi pa tchuthi, ndinawapeza malume kudzenje. Ndinawawerengera pepalalo, ndipo iwo, m'malo mondiyamikira, anafunsa kuti, "Nanga imodziyo inapita kuti?" Nditawafotokozera, anakhala pachipika n'kuyamba kuseka. Kanali koyamba kuwaona akuseka chotero, mpaka misozi kutsika m'masaya odzaza utuchi, ndipo kenaka sikunalinso kuseka. "Imodziyo ndi yanga," anatero akupukuta m'maso. "Ndinakuphunzitsa ndine. Koma zinazo ndi zako, mwana wa mlongo wanga." Atatero anavula chipewa pamaso panga, a Tomasi akuona.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananyansidwe ndi pemphero la munthu wokwiya, wa matope m'manja. Ndikumuthokoza chifukwa cha a Wilisoni amene sanandibisire pamene ndinagwera, ndi chifukwa cha malume anga amene analolera kubweza mawu awo ndi kuwononga mlombwa wabwino kuti ine ndiphunzire kutsegula pakamwa. Mpaka lero ndimagwadira akuluakulu, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma inu makolo, pophunzitsa mwana kugwada, muzimuphunzitsanso pamene ayenera kuimirira n'kunena kuti iyayi.

Ndipo iwe mwana wanga amene walakwa mayeso, usang'ambe pepalalo. Liyang'ane bwino, uone pamene malikisi anathawira, chifukwa nthawi zina pamathawira pamene iwe umadzitama napo. Ukatero ulitengere kwa Ambuye momwe uliri, ngakhale uli wokwiya, ndipo usawasankhire munthu woti akuthandize. Limba mtima ubwerezenso, pakuti kutsogoloko kuli munthu amene moyo wake ukudikira kuti iwe ukhoze. Mayi wa ku Midzemba uja anakhala ndi moyo mpaka anaona zidzukulu, ndipo chaka chilichonse pokolola ankanditumizira nandolo m'kathumba. Ankauza anthu kuti anagonetsedwa ndi namwino wodziwa ntchito, wa zaka zambiri. Sindinamuuze kuti tsiku lija ndinali pa mayeso, ndipo mayeso ake anali iyeyo. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.